Gologolo ndi Bwalo la M'dzenje

Padangokhala. Ngati tili tonse, senderani pafupi.

Kalekale, pamene nyama zinkakwatirana ndi ankhoswe monga tichitira ife, milandu yonse inkazengedwa pabwalo, poyera. Woba chimanga, womenya mkazi, wothawa ana, onse ankakhala pamphasa gulu likuona. Njovu ndiye adali mfumu, Nungu adali nduna yogamula milandu, ndipo aliyense wofuna kumva ankangobwera n'kukhala pansi.

Gologolo sankaphonya mlandu. Ankakhala panthambi ya pamwamba, ndipo bwalo likabalalika iye ndiye ankauyendetsa mlanduwo m'midzi, kutsanzira kayankhulidwe ka wolakwa mpaka nyama kugwa ndi phwete.

Chaka china kudagwa njala. Mkazi wa Gologolo, Nangondo, adasunga mtedza wa mbewu mumtsuko n'kumata pakamwa pake ndi dothi. Gologolo adaboola mtsukowo kunsi. Ankatapa pang'onopang'ono, n'kumalowetsamo timiyala kuti mtsuko usapepuke. Mvula itagwa Nangondo adaphwanya dothi lija, n'kupeza miyala yokhayokha.

Woyamba kudandaula adali Gologolo yemweyo. Adaima pakhomo n'kukumbutsa mudzi wonse kuti apongozi ake, mayi a Nangondo, ndiwo ankagona pafupi ndi mtsukowo.

"Ine sindikunena kanthu," adatero. "Koma mtedza suyenda wokha."

Mudzi udamva zimene sadanenezo. Mayi aja akafika kuchitsime anzawo ankaleka nkhani. Adasiya kupita kumaliro, adasiya kupita kuchinamwali, ankangokhala m'nyumba chitseko chili chitsekere.

Tsiku lina Nangondo akusesa adapeza makoko a mtedza atadzaza m'mphako momwe mwamuna wake ankapumulamo masana. Sadakangane naye. Adapita kwa ankhoswe, ankhoswe adapita kwa Nungu, ndipo tsiku la mlandu lidaikidwa.

Gologolo adaganizira za nthambi yake ija, adaganiziranso za mphasa. Adasamba, adapesa mchira, n'kupita kwa mfumu.

"Wawa mfumu. Ndabwera ndi nkhawa. Si yanga ayi, ndi ya dziko."

"Nena," adatero Njovu.

"Dzulo ndapeza ana akusewera masanje. Wina akuti ndine Fisi, wina akuti ndine mkazi wa Fisi, akutukwanana mawu omwe aja adatuluka pabwalo. Kodi ana athu tiwalere ndi zimenezi?"

Njovu adakupiza makutu. "Bwalo adatisiyira ndi makolo."

"Zoona, mfumu. Koma makolo omwewo adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ine ndimadutsa kuseri kwa nyumba yanu. Sindimvetsera dala, koma akazi anu, mayi athu, mawu awo ndi aakulu. Tsiku limene adzanyamuke kupita kwa ankhoswe, inu mudzakhala pampando kapena pamphasa?"

Njovu adayang'ana kunyumba kwake. Kenaka adafunsa motsitsa mawu, "Ukufuna titani?"

Gologolo adali atakonzeratu zonse. Milandu ya m'banja izizengedwa m'dzenje la Nungu. Olowa akhale mwamuna, mkazi ndi wogamula basi, ankhoswe azitsala panja chifukwa nawonso ali ndi pakamwa. Pakhomo aime Chiuli, amene saopa chilichonse. Otuluka azinyambita phulusa n'kulumbira kuti zimene amva m'dzenjemo sadzanena, sadzanong'oneza ndipo sadzaloza ndi chala. Wophwanya lumbiro, kapena womvetsera mobisa, adulidwe mchira n'kuthamangitsidwa m'dziko. Ndipo kuti mawu asatulukire panja, Nkhanga ziziyimba pakhomo mlandu uli m'kati.

Nyimboyo adaipeka yekha Gologolo. Inkanena kuti chilonda cha m'nyumba amachimanga ndi tsamba kuti ntchentche zisachione. Wotsogolera ankakweza mawu kutchula chilondacho, anzake n'kuvomera pamodzi kuti chimangidwe, chimangidwe ndithu, uku akuwomba m'manja ndi kuponda pansi. Idali nyimbo yokoma, yosavuta kuigwira, ndipo Nkhanga zikaiyamba palibe ankamva ngakhale mawu a woyandikana naye.

Njovu adavomera, ndipo nyama zambiri zidakondwa nalo lamuloli, pakuti aliyense adali ndi kake kobisa.

Mlandu woyamba kulowa m'dzenje udali wa Gologolo. Tsiku la mlandu lisadafike adapita kukalonjera Nungu ndi dengu la chinangwa, n'kuuza Chiuli kuti dengu la wogamula salipenda.

Pabwalo Nungu ankagamula bwino. Akayamba kusinza gulu linkang'ung'udza, akayamba kukhota nkhalamba zinkatsokomola. M'dzenje mudalibe wotsokomola.

Nangondo adabwera ndi makoko aja palichero.

"Mwamuna, mkazi ndi wogamula," adatero Chiuli. "Lichero litsale."

Lichero lidatsala. Nkhanga zidayamba kuyimba za chilonda ndi tsamba. M'katimo Nangondo, amene sadazolowere kuyankhula pamlandu popanda nkhoswe, adanena mawu ochepa chabe. Gologolo adayankhula za njala, za chiswe, za mbewa, za ulemu wa mwamuna, mpaka Nungu adasinza. Atadzidzimuka adapukuta pakamwa n'kugamula.

"Mkazi wonamizira mwamuna wake agwade, apepese."

Nangondo adagwada. Onse awiri adanyambita phulusa n'kutuluka.

"Zatha bwanji?" zidafunsa nyama panja.

"Talumbira," adayankha Gologolo akumwetulira. Nyamazo zidayang'ana fumbi lili m'mawondo mwa Nangondo, n'kudziyankha zokha.

Kunyumba mayi ake adamufunsa, "Mwanawe, dzina langa layera?" Nangondo adayang'ana pansi. Mayiwo sadafunsenso.

Banja lidapitirira. Nangondo ankaphika, ankalima, ankayankha akafunsidwa. Gologolo ankadziuza kuti nkhani idatha, koma akamva apongozi akutsokomola kuseri kwa khoma ankasiya chakudya n'kutuluka panja.

Milandu idalowa m'dzenje, milandu idatuluka. Nkhanga zidayimba mpaka ana adaigwira nyimbo ija. Njovu ankayamikira kuti dziko lakhala bata, pakuti palibe ankabweranso kudzadandaula.

Gologolo adali ndi mlongo wake, dzina lake Nachisale, ndipo Gologoloyo ndiye adali nkhoswe ndi mwini mbumba. Nachisale adakwatiwa ndi Likongwe, mwamuna wa mano. Tsiku lina adafika kwa mchimwene wake khutu lili long'ambika.

"Achimwene, alamu anu andiluma. Atenganso ana onse apita nawo kwawo. Akuti ndine waulesi, ndipo akasuma okha kwa a Nungu."

"Musalire, chemwali. Mlandu uwu ngwosavuta. Ana ndi a kuchikazi, khutu lanu ndi umboni. Ine ndikangoimirira n'kuyankhula..."

Adalekera pomwepo.

Tsiku la mlandu adaperekeza mlongo wake mpaka pakhomo la dzenje. Likongwe adali atafika kale, akunyambita ndevu.

"Mwamuna, mkazi ndi wogamula," adatero Chiuli.

"Ine ndine nkhoswe."

"Ankhoswe ali ndi pakamwa."

"A Chiuli, lamulo limeneli ndidapanga ndine."

"Ndiye mukulidziwa bwino."

Gologolo adathamanga n'kubwera ndi chisa cha uchi. Chiuli adachilandira ndi manja awiri, adadya, adanyambita zala.

"Zikomo kwambiri. Khomo ndi lomwe lija."

Nkhanga zidakweza nyimbo ya chilonda ndi tsamba, zidavomera kuti chimangidwe. Gologolo adakhala pansi ngati wina aliyense. Nachisale atatuluka maso adali ofiira. Chimene adaloledwa kunena n'chakuti mlandu waimitsidwa, abwerenso. Nungu adali ataphunzira kuti mlandu ukaimitsidwa dengu limabweranso.

Ulendo wachiwiri Gologolo adabisalira Likongwe panjira. Likongwe atatula dengu la chinangwa kuti apume, Gologolo adalowa pansi pa chinangwacho n'kupinda mchira. Dengu lidadutsa pakhomo osapendedwa.

"Ikani kuchipinda," adatero Nungu.

Dengu lidakankhidwira m'chipinda cham'kati, chitseko n'kutsekedwa. Gologolo adasuzumira. Chipinda chonse chidali madengu okhaokha, osanjikizana mpaka kudenga, aakulu ndi aang'ono, atsopano ndi akale. Pansi penipeni padali dengu lake, adalizindikira ndi chigamba chimene adasoka Nangondo. Adayesa kumvetsera mlandu, koma nyimbo ya Nkhanga inkalowa m'nthaka momwe, kuti chimangidwe, chimangidwe ndithu. Pakati pa nyimboyo ankamva ngati wina akulira, osadziwa ngati ndi mlongo wake kapena makutu ake. Pamene ankamaliza kuboola chitseko ndi mano, mlandu udali utaimitsidwanso ndipo onse adali atapita.

Ulendo wachitatu adapita kwa Mfuko.

"A Mfuko, mumakumba bwino. Koma ndamva kuti nthaka ya kwa a Nungu simungaithe."

"Wanena ndani?"

"Amanena ambiri. Ine ndimakukanirani."

Mfuko adakumba ndi mkwiyo, ndipo njira yake idakatulukira pansi penipeni pa mpando wa Nungu. Gologolo adalowa, n'kuika khutu pakabowo. Apa ndiye adamva zonse.

Adamva mlongo wake akuyamba kufotokoza za khutu, Likongwe n'kumudula. Adamva Likongwe akuyankhula za njala, za ulesi wa akazi a masiku ano, za ulemu wa mwamuna. Mawuwo Gologolo adawadziwa, ngakhale malo opumira adawadziwa. Adamva mkonono wa Nungu. Kenaka adamva chigamulo: ana akhale ndi bambo wawo, mkazi agwade, apepese.

Nungu adadzisuntha pampando, minga yake n'kulowa pakabowo. Idamubaya Gologolo pamphuno ndi m'masaya. Kulira sakadatha, pakuti womvetsera amadulidwa mchira. Adabwerera chambuyo, misozi ikuyenderera, mpaka adatulukira panja.

Adathamangira kwa mfumu minga ili pamphuno.

"Wawa mfumu. M'dzenje muja mulibe chilungamo. Amene wabwera ndi dengu ndiye amapambana."

"Wadziwa bwanji?" adafunsa Njovu. "Mlandu wako udalumbira kuti sudzaunena. Wa mlongo wako sudalowemo. Kapena ukundiuza kuti wamvetsera?"

Gologolo adagwira mchira wake. "Ndikungoganiza, mfumu. Bwanji mukalowe nokha mukaone?"

Njovu adayang'ana thupi lake, adayang'ana Gologolo. "Ndikalowe bwanji? Udasankha dzenje ndiwe. Palibe wabwera kudzadandaula. Pita ukazule zimene zili pamphunozo."

Nachisale adasiya kudya. Ankakhala pakhonde kuyang'ana njira ya kwa Likongwe. Anzake akamufunsa chimene adalakwa kuti alandidwe ana, ankayankha kuti adanyambita phulusa. Anzakewo ankachoka akunong'onezana kuti mkazi salandidwa ana popanda chifukwa.

Kunyumba Nangondo adazula minga ija umodziumodzi, osafunsa kumene yachokera. Atamaliza adapita pamtondo. Gologolo adagona pakhonde nkhope itatupa, n'kumamva munsi ukugunda. Mkazi wake ankang'ung'udza nyimbo ya Nkhanga ija, yopanda mawu, motsatana ndi munsi. Gologolo adamvetsera, adamvetseranso, kenaka adadzuka.

"Nangondo, lumbiro lija limati chiyani?"

"Mwaiwala lumbiro lanu lomwe? Sindidzanena, sindidzanong'oneza, sindidzaloza ndi chala."

"Kuyimba mulibe."

Nangondo adaimika munsi.

"Mulibe," adatero. "Koma woyimba yekha amamuyesa wamisala. Nyimbo imafuna wovomera, imafunanso gulu."

"Gulu ndisonkhanitsa ine. Chemwali akayimbe mlandu wawo pamaso pa mfumu."

"Alamu anga sangayambe. Ana awo ali m'manja mwa Likongwe, ndipo amene alandidwa ana gulu lidawaweruza kale. Woyamba akhale amene alibe choti amulande. Ndiyamba ine."

"Mwachita bwino. Muyimba mlandu wa yani?"

"Ndili ndi nyimbo imodzi yokha, bambo. Ya mtsuko."

Gologolo adafunsa, "Simungayimbe ya wina?"

"Ya wina ndiidziwa bwanji? Si inu mudatseka khomo?" Adanyamulanso munsi. "Ndipo wovomera mudzakhala inu. Mayi anga adzakhalapo."

Gologolo adachokapo. Adayenda masiku akufunafuna njira ina. Adaganiza zonyengerera Nkhanga, adaganiza zoba ana kwa Likongwe, adaganiza zonamizira matenda. Nzeru iliyonse inkathera pakhomo la Chiuli. Tsiku lina podutsa kwa mlongo wake adamupeza akusoka kansalu ka mwana wake wamng'ono, kamene kadatsala pachingwe tsiku limene ana adatengedwa. Nachisale adadzutsa mutu n'kumupatsa moni mwaulemu, monga mwa masiku onse, osamudandaulira kanthu. Gologolo adalephera kumuyang'ana. Adabwerera kunyumba n'kuuza mkazi wake kuti wavomera.

Kenaka adapita kwa mfumu, mchira utapesedwa.

"Wawa mfumu. Tsiku lija ndidayankhula ndi ululu wa minga, mundikhululukire. Ndaganiza bwino. Chiyambire bwalo la m'dzenje, ndani wamva mkangano m'dziko muno? Tichite chikondwerero. Onse amene adalowapo m'dzenje abwere adzathokoze a Nungu ndi nyimbo."

Njovu adakondwa. Nungu atamva adakondwa koposa, n'kudzola mafuta minga yonse.

Tsikulo nyama zidadzaza pabwalo lakale lija. Nangondo adabwera atawagwira dzanja mayi ake, amene adafunda nsalu kumutu n'kukhala kumapeto kwenikweni. Asadayambe, Nangondo adanong'oneza mwamuna wake.

"Ana achoke. Pa ichi chokha mudanena zoona."

Gologolo adalengeza kuti kumunda kwa mfumu kuli nzimbe za ana, ndipo ana onse adathamangira komweko. Kenaka adaima pakati pa bwalo.

"Wawa mfumu. Oyimba ena ndi amantha. Kodi lero nyimbo ili ndi mlandu?"

"Nyimbo ilibe mlandu," adatero Njovu. "Ayimbe."

"A Chiuli, inu ndinu wosunga lumbiro. Tikumbutseni mawu ake."

Chiuli adawatchula onse.

"Kuyimba mulimo?"

"Mulibe."

Nkhanga zidayamba nyimbo yawo, gulu lonse lidavomera kuti chilonda chimangidwe, Nungu n'kumagwedeza mutu. Nyimbo itafika pobwereza, Nangondo adalowa pakati n'kulanda utsogoleri. Mayimbidwe adali omwewo, kuwomba m'manja komweko, koma mawu adali ena. Adayimba za mtsuko womatidwa ndi dothi, za bowo la kunsi, za timiyala. Adayimba za mwamuna amene adaima pakhomo n'kuloza apongozi ake popanda chala. Adayimba za makoko m'mphako, za lichero lotsala panja, za wogamula wosinza, za mawondo ake.

Pofika povomera Nkhanga zidakhala chete, manja ali m'malere. Pabwalo padamveka mawu amodzi okha, aang'ono. Adali a Gologolo. Ankavomera kuti chilonda chawola pansi pa tsamba, chimasulidwe, ndipo kuti adachimanga ndi iye.

Nangondo adabwereza. Gologolo adavomeranso. Adayembekeza kuti nyama ziseka monga iye ankasekera ena, ndipo akadakonda kuti ziseke. Palibe adaseka. Akazi amene ankaleka nkhani kuchitsime adazolika. Mayi a Nangondo sadavundukule nsalu yawo, mapewa okha ndiwo ankagwedezeka.

Nyimbo isadazizire, Nanzikambe adadzuka n'kuyenda pang'onopang'ono kulowa pakati. Iye adali mwamuna wachibwibwi, ndipo aliyense ankadziwa kuti adatuluka m'dzenje wopanda nyumba. Poyimba chibwibwi chidamuleka. Adayimba kuti mkazi wake adamaliza kuyankhula iye akadali pa liwu loyamba, ndipo kuti mkaziyo adabwera ndi dengu. Povomera, Gologolo sadalinso yekha.

Adadzuka wina, adadzukanso wina. Milandu idali yosiyana, koma m'nyimbo iliyonse mudali dengu, mudali kusinza, mudali kugwada. Aliyense wa iwo adakhala nthawi yonseyi akuyesa kuti zidamuonekera yekha. Ena mwa ozolika adali eni madengu aja, ndipo anzawo oyandikana nawo adayamba kusuntha pang'onopang'ono.

Pomaliza adadzuka Nachisale. Adavula mpango kuti khutu lioneke, n'kuyimba mayina a ana ake, limodzilimodzi. Likongwe adayamba kusendera kumbuyo, koma adagunda pachifuwa cha Chiuli.

Wotsogolera Nkhanga adagwada pamaso pa Nachisale. "Ife tinkayesa tikuyimbira mtendere," adatero. "Nthawi zina tinkamva kulira, n'kumakweza mawu."

Nungu adaimika minga. "Aphwanya lumbiro onsewa. A Chiuli, dulani michira."

"Sadanene, sadanong'oneze, sadaloze," adayankha Chiuli. "Ayimba. Ndipo mfumu yati nyimbo ilibe mlandu." Adayang'ana pansi n'kuwonjezera, "Madengu onsewo adadutsa pamaso panga."

"Nungu, zimene ayimbazi n'zoona?" adafunsa Njovu.

Nungu adayang'ana gulu, n'kugonetsa minga yake. Nkhalamba ina idatsokomola.

Njovu adanyamuka, nyama zonse zili pambuyo, mpaka kudzenje kuja. Adaponda pamwamba pake kamodzi kokha, denga n'kugumuka. Madengu adaonekera poyera, chinangwa china chitawola. Mfumu idaima pamenepo chitamba chili pansi.

"Ine ndidavomera lamulo ili chifukwa ndinkaopa mlandu wa m'nyumba mwanga," adatero Njovu motsitsa mawu. "Bata lija ndinkaliyamikira chifukwa linkandibisa."

Ambiri adazolika, pakuti nawonso adawombera m'manja lamulolo pa chifukwa chomwecho.

Adabwerera pabwalo, ndipo Njovu adalamula kuti milandu ya m'banja ibwerere poyera. Ankhoswe aziyankhula, umboni uzilowa, nkhalamba zizikhala kutsogolo. Ana aziyamba achotsedwa, ndipo mayina awo asamayendetsedwe m'midzi. Amene adzatenge mlandu wa mnzake kukaseketsa nawo anthu, naye adzakhala pamphasa. Ponena zimenezi mfumu sidatchule dzina, koma maso onse adapita panthambi ya pamwamba ija, kenaka n'kutsikira pa Gologolo.

Mlandu wa Nachisale udazengedwa tsiku lomwelo, ogamula ali nkhalamba zitatu, Nungu atakhala pakati pa gulu. Gologolo adaimirira ngati nkhoswe. Iye amene ankatha kuyankhula mpaka wogamula kusinza, adangoti, "Khutu mwaliona. Ana ndi a mbumba yathu." Adakhala pansi. Likongwe adayamba za ulemu wa mwamuna, gulu lidang'ung'udza, ndipo mawu adamuthera. Adalamulidwa kubweza ana dzuwa lisadalowe.

Milandu ina yonse ya m'dzenje idazengedwanso, umodziumodzi. Wa Gologolo sudatenge nthawi. Adamulamula kulima munda wa apongozi ake ndi kubweza mbewu. M'mawa mwake akazi a m'mudzi adafika pakhomo pa mayi aja ndi mitsuko ya madzi, adaitula, n'kukhala pansi osadziwa poyambira. Mayiwo adatsegula chitseko n'kuwayalira mphasa.

Palibe adamuthokoza Gologolo, ndipo iye sadayembekeze. Nachisale adamutumizira chakudya ndi mwana, monga achitira mlongo. Nangondo adakhalabe naye, koma akamufunsa ngati adamukhululukira ankayankha kuti munda wa amayi sudathe kulimidwa.

Nyimbo ija idafala m'dziko lonse. Akazi ankaiyimba pamtondo, amuna kumunda, ndipo ana akayandikira ankasiya mawu n'kumangong'ung'udza.

Tsiku lina Gologolo akuchokera kumunda kwa apongozi, khasu lili paphewa, adakumana ndi mwana wamng'ono wa Nachisale. Mwanayo adanenepa, adavala kansalu kake, ndipo adathamanga kudzamugwira dzanja.

"Malume, amayi akuti inu ndinu mudatibweza kwathu."

"Adakubwezani ndi azakhali anu a Nangondo."

"Koma akuti inu mumadziwa nyimbo zonse. Ija amang'ung'udza akuluakulu, ife tikafika amabisa mawu. Mundiphunzitse mawu ake, malume."

Gologolo adayang'ana nkhope ya mwanayo. Adatula khasu, n'kukwera mtengo umene udali pambali pa njira.

"Malume, muli kuti?"

Mwanayo adazungulira mtengo, Gologolo adazunguliranso kuseri. Mwanayo adaseka, kuyesa ndi masewera, n'kuthamangira mbali ina. Gologolo adasunthanso, nkhope ataikanikiza pakhungwa.

Mpaka lero mukakumana ndi gologolo pamtengo, amazungulira kuseri kwa thunthu. Inu mukapita uku iye amapita uko. Ena amati ndi mantha, koma wamantha amathawa. Iye sathawa. Amakhala pomwepo, kumamva zonse, osafuna kuti muonane naye maso.

Nthano yanga yathera pano. Amene adakwirira mbatata paphulusa akaifukule isadapserere.